Manda a Amayi Kudambo Lomwe Linauma

Bambo anga anali munthu wa liuma, ndipo ine ndinatengera iwowo. Zaka zonse zimene anakhala pakhomo panga ku Norton tinkakangana pa chilichonse: mchere wa m'ndiwo, phokoso la wailesi, ngakhale kamtambo kongodzidutsira, iwo akuti n'ka mvula, ine ndikuti n'ka mphepo chabe. Ana anga ankatiseka kuti agogo ndi amayi akakhala chete tsiku lathunthu ndiye kuti mmodzi akudwala. Nkhani imodzi yokha ndiyo sitinkatsutsana. Akadzamwalira tidzawaike pambali pa malemu amayi anga, kupulazi ya fodya kufupi ndi Mhangura kumene ndinabadwira. Ankandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse akadzuka ndi chifuwa, ine n'kuwayankha kuti, "Ndamva, bambo, koma lero simufa. Imwani tiyi asanazizire."

Bambo anabwera kuno ali mnyamata, kuchokera kumapiri a ku Dedza, mbali yaikulu ya ulendowo akuyenda pansi. Ankati agwire ntchito nyengo imodzi, agule njinga ndi bulangete, abwerere. Njingayo anaigula, inatha, anagula ina, nayonso inatha, koma kubwerera kunali kwa chaka chamawa nthawi zonse. Ntchito yawo inali yosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Amayi anawapeza pakomboni pomwepo, mwana wa anthu ochokera ku Ntcheu. Amayi anali a mvano, a bulawuzi yoyera Lachinayi lililonse, pamene bambo anali a kudambwe, kwa gule wamkulu. Anthu ankati banja lotero silikhalitsa, koma linakhala, ndipo tinabadwamo awiri, ine ndi mchimwene wanga.

Kumunsi kwa komboni kunali dambo. Ana a masiku ano ndikawauza za dambo limenelo amandiyang'ana ngati ndikunama. Silinkauma ngakhale mu Okutobala. Pakati pake panali kasupe wotuluka pansi pa mwala, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa, ndipo kuyambira pamenepo kunali bango, mlulu ndi mitengo ya katope, imene anzathu achishona amaitcha mukute. Amayi ankalima mpunga m'menemo, kamunda kakang'ono, ndi dimba la mpiru ndi nzimbe chapamtunda. Ife tinkagwira nkhanu ndi milamba, n'kubwerako misundu itakakamira m'miyendo, tikulira, mawa lake n'kupitanso.

Mvula nayo inkadziwa nthawi yake. Chizimalupsa chinkagwa fumbi la Okutobala lisanatitopetse. Ikayamba yeniyeni kunkachita mvumbi masiku otsatizana osaona dzuwa, zovala n'kuchita nkhungu pachingwe, nkhuni kukana moto, amayi akutukwana utsi. Ndinkadana nayo mvula imeneyo, ndinene zoona. Yunifolomu yanga inali imodzi, ndipo ndinkapita nayo kusukulu ili yonyowa, ikununkha chinyezi. Thirakitala ya papulazi ikangoyesa kuyandikira dambo inkatitimira mpaka ng'ombe kukaikoka. N'chifukwa chake mzungu mwini pulazi anatipatsa m'mphepete mwa dambomo kuti tiziikamo akufa athu. Sikunali kukoma mtima ayi. Anangotipatsa malo amene pulawo yake sikanatha kufikako.

Amayi anamwalira m'dzinja, ine ndili ndi mwana woyamba kumsana. Anadwala masiku ochepa chabe, mutu ndi malungo, galimoto yopita kuchipatala n'kulephera kuwoloka chifukwa madzi anali atakwirira mlatho. Adzukulu, anthu okumba manda aja, anavutika tsiku limenelo. Akakumba pang'ono madzi ankatuluka m'mbali, mmodzi akukumba wina akukapa ndi chitini, mpaka anasunthira chapamtunda pamene panali pouma. Anzawo a mvano anaimba atanyowa mpaka mkati. Anzawo a bambo a kudambwe anaimirira chapatali, zipewa m'manja, kulemekeza nyimbo zosakhala zawo. Pamtumbira tinaikapo mbale ndi kapu ya amayi monga mwa mwambo. Patapita masiku bambo anakazula kamtengo ka katope pafupi ndi kasupe n'kukabzala kumutu.

Chaka chitatha, ine ndi mchimwene wanga tinawauza bambo kuti timange chiliza cha simenti, tilembepo dzina. Anakana.

"Simenti ndi ya anthu amene afika," anatero. "Ife tili paulendo. Taona manda onsewa, alipo a simenti? Kwathu manda amasungidwa ndi mitengo ndi anthu."

"Nanga mtengowo ukafa?"

"Katope angafe ali pamadzi? Ndipo ngakhale atafa, ine ndingasochere? Ukaima pakasupe, upenye phiri lija, uyende chokwera. Pamene phazi lasiya kulowa m'matope, mayi ako ali pomwepo. Ngakhale wakhungu akhoza kufikapo."

Sanali okha oganiza choncho. Kwa akuluakulu onse a pakomboni, kuika simenti pamanda kunali kuvomera kuti ku Malawi sadzabwererako, ndipo palibe ankafuna kukhala woyamba kuvomera. Ndinakangana nawo mpaka kulira, koma mchimwene wanga anandikoka dzanja, nati ndisamatsutse bambo pa nkhani ya mkazi wawo. Mchimweneyo pambuyo pake anapita ku Joni kukasaka ntchito, ndipo mpaka lero timangomva mawu ake pafoni.

Chiliza anakana, koma manda sanawataye. Lamulungu, anthu akalowa m'tchalitchi, iwo ankatenga khasu n'kutsetserekera kudambo. Ankalambula, n'kukhala pansi pa kamtengo kaja kuwauza amayi zonse za sabata imeneyo: kuti kapitawo wawakalipira, kuti nkhuku yaswa, kuti mwana wawo wamkazi pakamwa pake sipanasinthe. Ankabwerako mabuluku ali matope mpaka m'maondo, ndipo wochapa ndinali ine.

Kenako ndinatsatira amuna anga ku Norton, kumene ndimagulitsa tomato ndi masamba pamsika. Kupulazi ndinkapitako pa Khisimasi. Okhala pamalopo sankaona kwenikweni, koma ine wobwera kamodzi pachaka ndinkaona dambo likubwerera m'mbuyo. Poyamba mpunga unaleka. Mayi amene anatenga kamunda ka amayi anga anati madzi sakukhalitsanso, anabzalamo chimanga. Milamba inasowa. Zitsime za m'madimba, zomwe kale tinkatungamo titagwada, zinayamba kufuna chingwe. Mvula yomwe inkayamba mu Okutobala inasamukira mu Novembala, ndipo zaka zina tinkadya Khisimasi mbewu zili m'thumba. Ikabwera inkabwera ndi ukali, tsiku limodzi kugumula nyumba ndi kukokolola nthaka, n'kuchoka, kusiya ng'amba ya Januwale chimanga chikufota. Zaka zina inkagwa bwino, inde, anthu n'kuiwala, koma dambo silinkabwereranso pamene linali.

Ndikawauza bambo ankangopukusa mutu. "Madzi saiwala khwawa, mwanawe. Zilala tinazionapo kale. Adzabwera." Mwambi umenewu ankaukonda chifukwa unkanenanso za iwo eni ndi ulendo wawo wa ku Dedza.

Kenaka inafika nthawi ija mapulazi anagawidwa. Sindikufuna kulowa m'nkhani imeneyo, aliyense ali ndi chilonda chake. Kwa ife zinatanthauza kuti ntchito ya bambo inatha, ndipo anthu a pakomboni anabalalika, ena kukakumba golide, ena kumatauni. Ife a makolo ochokera ku Malawi tinalibe mudzi wothawirako. Ndinakawatenga bambo ndi sutikesi yawo ndi mpando umodzi. Tisananyamuke tinatsikira kumanda. Katope uja anali atatalika kuposa nyumba, koma nsonga zake zinali zouma, ndipo kasupe ankangodontha. Bambo analambula udzu pamtumbira, nati, "Ndibweranso posachedwa." Sitinabwerereko kwa zaka zambiri. Miyendo yawo inayamba kuvuta, ulendo ndi wautali, ine ndi msika wanga, ndipo tonse tinkadzitonthoza kuti manda sathawa.

Ku Norton bambo sanazolowere, makamaka nkhani ya mvula. Kumbuyo kwa nyumba kuli kamalo kochepa, ndipo chaka chilichonse Okutobala akamatha iwo ankabzalapo chimanga monga ankachitira kale. Kakagwa kamvula kongonyowetsa fumbi, chimanga n'kumera, dzuwa n'kuchiwotcha chonse. Ndinkawauza kuti akungodyetsa nthaka mbewu zanga. Iwo ankati wolakwa si iwo, ndi mvula yachedwa. Ankatenga madzi otsukira mbale n'kumathirira phando lililonse, pamene adzukulu awo akhala pamzere kumjigo m'mawa wonse kuti madziwo apezeke. Ndinkakalipa, koma sindinawabisirepo mbewu.

Chaka chathachi bambo anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Atatuluka anali atachepa, jekete likungolendewera. Anati, "Undiperekeze ndikaone malo anga, ndikakulozere ndi chala, kuti tsiku lake usadzavutike ndi adzukulu." Kunali kumapeto kwa Novembala, kumwamba kuli mbee, dontho osagwapo. Ndinawauza kuti tidikire kuzizireko. Anati iwo alibe nthawi yodikira mvula ya masiku ano. Pamenepo sindinawatsutse.

Tinakwera kombi mpaka ku Chinhoyi, ina mpaka ku Mhangura, kenako kalole konyamula feteleza kanatitsitsa pamphambano. Njira yonse bambo ankaloza pazenera: mtsinje uwu ndinauwoloka madzi ali m'khosi, apo panali damu. Ine ndinkangoona mchenga, ndi azimayi akufukula m'menemo kufuna madzi. Komboni tinaizindikira ndi mabalani, amene anali chiimire koma madenga atachoka. Nyumba yathu inali mulu wa dothi womera minga.

Tinatsetsereka kulowera kudambo. Ndinkayembekeza kuona dambo lochepa, lofooka, koma dambo ndithu. Kunalibe. Kunali munda wolimidwa kale, zibuma zikuluzikulu zotuwa zikudikira mvula, kuyambira kumtunda kuno mpaka kutsidya. Bango, mlulu, katope, nkhalango imene gule ankatulukiramo, zonse zinali zitapita. Chapakati panali maenje a anthu oumba njerwa. Bambo anaima, anayang'ana kumanja ndi kumanzere, nati, "Tasochera njira." Sitinasochere. Phiri lija linali pomwepo patsogolo pathu.

Mayi wina wa msinkhu wanga anatuluka m'kanyumba ka m'mbali mwa munda, ndowa ili m'manja. Anali mwini puloti imeneyo, wochokera kwina kutali. Anatilandira mwaulemu m'Chishona, "Titambire, sekuru," kutanthauza takulandirani agogo, natipatsa madzi akumwa amene anati amakawatunga kumjigo wa kusukulu. Chishona cha bambo chinali chophotchoka moyo wawo wonse, choncho wofotokoza ndinali ine. Nditatchula za manda, mayiyo anaika ndowa pansi n'kugwira pakamwa.

"Makuva? Pano?" anafunsa, maso akuyendayenda m'munda mwake.

Anatiuza kuti pamene ankafika, mitengo ya m'dambomo inali itayamba kale kuuma, ndipo anthu anaidula kukawotchera njerwa ndi fodya. Moto wolusa unkadutsa chaka ndi chaka, ng'ombe n'kupondaponda. Mitumbira sanaione. Chaka china pulawo inafukula mbale zosweka, amuna ake anachita mantha n'kusiya kulima kachigawo kameneko. Koma amunawo anamwalira, ndipo oyendetsa thirakitala yaganyu sadziwa malire. Iye mwini sakanathanso kuloza kuti panali pati. Za kasupe anati anangomva kwa anthu.

"Dai takaziva, sekuru," ankangobwereza, kuti akanadziwa sakanalimapo. Ndinafuna kumukwiyira, koma ndikanamukwiyira chiyani? Milomo yake inali yong'aluka ngati yanga, ndipo nayenso mbewu zake zinali m'thumba.

Bambo sanamve zonsezo. Anali atakhala kale pachibuma, akumasula zingwe za nsapato.

"Mukutani, bambo? Pansi pakutentha."

"Ndi nsapato sindingamve."

Anayenda opanda nsapato mpaka pamaenje a njerwa, kufunafuna mwala wa kasupe. Miyala inalipo ingapo, yonse youma, ina yooneka kuti inasunthidwa. Anasankha umodzi, anaima, anapenya phiri, nayamba kukwera pang'onopang'ono, ndodo kutsogolo, phazi lililonse akuliponda mosamala. Ndinkawatsatira pambuyo, nsapato zawo zili m'manja mwanga. Nthaka inali gwa kuyambira pamwala mpaka kumtunda. Anafika kumapeto kwa munda, anatembenuka, anabwerera, anasankha mwala wina, nayambanso. Pena ankaima, nati, "Apa," kenako n'kupukusa mutu. Ndinagwada n'kumafukula ndi manja, kufuna chitsa cha katope kapena phale la mbale. Mayi uja anabwera ndi khasu kudzandithandiza. Zitsa zopsa tinazipeza, koma katope m'dambomo anali wambiri, ndipo akufa a pakomboni analinso ambiri, ana ndi akulu, atagona m'mphepete monsemo.

Dzuwa linafika pamutu. Mapazi a bambo anali atatuwa, chidendene chimodzi chikutuluka magazi. Mawu aja a simenti anabwera mpaka palilime langa, onse, monga ndinawanenera ndili mtsikana. Ine sindisunga mawu m'kamwa, a pamsika amandidziwa. Koma nditaona nkhalamba ija itaima pakati pa munda wa eni, ikuyang'ana mapazi ake ngati ndiwo aipusitsa, ndinawameza. Chisoni chimene chinandigwira sindinachimvepo ngakhale tsiku loika amayi, chifukwa tsiku lija tinkadziwa pamene tawasiya.

"Tiyeni pamthunzi, bambo," ndinatero, ngakhale mthunzi panalibe.

Anaika ndodo pansi n'kugwada movutikira pazibuma. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, monga amachitira munthu pofika pakhomo pa apongozi. Anayang'ana kuphiri, nati, "Mayi a ana, ndabwera." Anadikira. Kenako anatembenuka ndi maondo omwewo kuyang'ana kumanja, naombanso. "Ndabwera ine." Anatembenukira kumaenje a njerwa, kenako kumbali yotsala, kulikonse akuomba ndi kunena mawu omwewo, kuti kumene amayi ali asawalozetse msana. Mayi mwini munda anaphimba nkhope ndi chitenje. Ine ndinalira mokweza, osasamala za oumba njerwa amene anasiya ntchito n'kumatiyang'ana.

Mayiyo atapukuta misozi anandiuza kuti ndiwauze sekuru kuti tsiku likadzafika tidzabwere nawo. Asankhe okha pomwe akufuna m'mundamo, iye sadzaletsa ndipo sadzalimaponso. Ndinawamasulira bambo, n'kuonjezera zanga. Ndinati tisankhe apa pomwe agwadapa, sipangakhale patali kwenikweni, amayi adzawapeza.

Bambo anafikisa dothi m'zala.

"Umuthokoze mayiyu," anatero. "Koma ayi."

"Bwanji, bambo? Si zimene mwakhala mukufuna zaka zonsezi?"

"Nthaka yolimba chonchi, adzukulu adzabwera ndi mapiki, ndipo adzakumba mongoganizira. Iwe ukudziwa pomwe piki idzagwere? Mwina pa mwana wa mnzanga. Mwina pachifuwa pa mayi ako." Anapuma, akuvutika ndi mpweya. "Munthu uja sindinamukwezerepo dzanja ali moyo. Ndidzamumenyetse piki atagona? Udzandiike ku Norton konko."

Nsapato ndinawaveka ndine. Anamwalira dzinja lomwelo lisanathe. Ali kumanda a tauni ku Norton, pamzere wa anthu amene sanawadziwepo, ndipo amayi ali penapake pansi pa chimanga cha mayi uja.